Mwana Wosacheuka Poitanidwa: Zomwe Zikudziwika za Poizoni ndi Ubongo wa Ana

Achemwali anga ali ndi mwana wamwamuna wa zaka zinayi. Mukamuitana dzina sacheuka, koma njinga yamoto ikangolira kutsidya kwa dambo, woyamba kutseka makutu ndi iye. Amatha kukhala pakhonde m'mawa wonse akundanda zitsekerero za mabotolo, ndipo wina akasuntha chimodzi, kulira kwake kumamveka mudzi wonse. Mawu amene amatchula sakwana khumi. Adokotala atamuona anati zizindikirozi zikufanana ndi za autism, ndipo analemba kalata yoti akaonedwe ndi akatswiri ku Lilongwe.

Pa tchuthi chapitachi ndinali kumudzi, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndipo nkhaniyi inabuka usiku wina titangotha kudya. Agogo anati pali munthu amene akukhwimira mwanayu kuti bizinesi yake iyende. Alamu anga anati zonse zinayamba atabayitsa katemera wa chikuku. Ine, podzimva kuti ndine wa kukoleji, ndinanena motsimikiza kuti vuto ndi mankhwala amene achemwali ankapopera tomato kudimba ali oyembekezera. Achemwali sanayankhe. Anangodzuka n'kukatsuka mbale. M'mawa mwake m'pamene ndinazindikira kuti pa atatu tonsefe, amene ndinawalasa kwambiri ndine. Agogo analoza munthu wapadera, alamu analoza chipatala, ine ndinaloza mayi wa mwana.

Nditabwerera kuno ndinayamba kuwerenga, ndipo phunziro ili lachokera pamenepo. Ndikulembera makamaka anzanga amene tikuphunzira zauphunzitsi, chifukwa ana otere tidzawapeza m'makalasi mwathu, ndipo makolo adzatifunsa funso lomweli.

Autism ndi chiyani, ndipo imachokera kuti?

Autism si matenda opatsirana, si misala, komanso si uchitsiru. Ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, kamene kamakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi anzake, mmene amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa, ndiponso kukonda kubwereza zinthu zomwezomwezo. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana 11 otere mu 1943. Kwa zaka zingapo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism. Ena amakula n'kumaliza yunivesite, ena amafuna chithandizo moyo wawo wonse. Ngati chiwerengerochi chili choncho kunonso, ndiye kuti kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100, monga timaziona ku Mponela kapena ku Malomo, kawirikawiri imakhala ndi mwana wotere, kaya aphunzitsi akudziwa kaya ayi.

Chinthu choyamba chimene chinandigwetsa ulesi pa mfundo yanga ija ndi ichi. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa ana oposa 2 miliyoni a ku Denmark, Finland, Sweden, Israel ndi chigawo cha kumadzulo kwa Australia. Anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya zomwe zimasiyanitsa ana pa chiopsezo cha autism ndi zachibadwa, zotengera kumtundu. Zotsalazo ndi zimene zimachitika mwana ali m'mimba kapena pobadwa: kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, makolo kubereka atakula, matenda ena a mayi. Mankhwala apoizoni ali m'gulu laling'onoli. Koma funso lathu lisathere pa autism yokha. Poizoni amene umboni wake pa autism ndi wochepa akhoza kukhala ndi umboni wochuluka zedi pa nzeru za mwana, kukumbukira kwake ndi kutchera khutu kwake m'kalasi.

Chifukwa chiyani ana ndiwo amavulala kwambiri?

Ubongo umayamba kuumbika m'masabata oyambirira a mimba, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Pofika zaka zisanu umakhala utafika pafupifupi 90 peresenti ya kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Poizoni amene bambo wa zaka 40 angangomva naye mutu tsiku limodzi, kwa mwana amapeza ntchito yomanga ili m'kati. Onjezani kuti mwana amakwawa pansi, amaika zala ndi dothi m'kamwa, ndipo poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake amadya, kumwa ndi kupuma kuposa wamkulu. Chiwindi chake nachonso chimakhala chisanakhwime mokwanira kusefa poizoni wina.

Mtovu

Pa poizoni onse, mtovu ndi umene nkhani yake ilibe mtsutso. Thupi limausokoneza ndi calcium, choncho limaulandira n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anameza mtovu ali wamng'ono, akadzakhala woyembekezera mtovu uja umatuluka m'mafupa n'kupita kwa mwana kudzera m'magazi. WHO imati mwana amayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, ndipo palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wabwinobwino.

Kafukufuku amene ndimamukonda, chifukwa aphunzitsi anali pakatikati pake, ndi wa dokotala Herbert Needleman wa mu 1979. Iye anatolera mano a mkaka ogweluka a ana asukulu oposa 2,000 m'matauni awiri a pafupi ndi Boston n'kuyeza mtovu umene unalimo. Kenako anapempha aphunzitsi, amene sankadziwa zotsatira za manowo, kuti afotokoze khalidwe la mwana aliyense: amasokonezeka msanga? Amatsatira malangizo? Amamaliza ntchito? Mtovu ukachuluka m'mano, madandaulo a aphunzitsi nawonso ankachuluka. Ana amenewa sankaoneka odwala. Ankangotchedwa osamva, aulesi, obalalika. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira anzanga ena a kupulayimale amene ankabwereza Sitandade 3 mpaka kusiya sukulu. Sindikunena kuti unali mtovu, koma palibe amene anafunsa.

Mu 2020 UNICEF ndi bungwe la Pure Earth anatulutsa lipoti lonena kuti mwana mmodzi pa atatu aliwonse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wodetsa nkhawa m'magazi. Chitsanzo choopsa chili kwa anansi athu. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akusewera pa fumbi lake. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana osachepera 400 anamwalira mu 2010 chifukwa makolo ankaphwanyira pakhomo miyala ya golide imene inali ndi mtovu.

Mungati ku Dowa kulibe mgodi wotere, ndipo petulo wa mtovu anatha kuno kum'mwera kwa Sahara kumayambiriro kwa 2006. N'zoona. Koma cha mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project, mogwirizana ndi akatswiri a ku University of Malawi, linayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'dziko muno n'kupeza kuti woposa theka anali ndi mtovu wopitirira mlingo wovomerezeka wa 90 ppm. Malawi Bureau of Standards inachitapo kanthu, ndipo makampani angapo anasintha kapangidwe. Vuto ndi lakuti penti amene anapakidwa kale akadali pa zitseko, mawindo, madesiki ndi makoma. Wachikasu ndi wofiira ndi amene kawirikawiri amakhala ndi mtovu wambiri, ndipo mitundu yowalayi ndi imene timakonda kupaka m'sukulu za mkombaphala ndi m'zipinda za ana za Sukulu ya Sabata. Penti akadali wolimba pakhoma savuta kwambiri. Amavuta akayamba kusupuka, kapena tikamamupala ndi sandipepa ana ali pomwepo.

Gwero lina ndi mabatire a galimoto ndi a sola amene tsopano ali m'nyumba zambiri kumudzi. Akafa, anyamata amawang'amba pabwalo kuti atenge zitsulo za m'kati, ndipo zitsulozo ndi mtovu weniweni. Palinso chizolowezi cha amayi oyembekezera chodya dothi, chimene nthawi zambiri chimasonyeza kuchepa kwa magazi. Thupi losowa iron ndi calcium limayamwa mtovu wambiri, motero nyemba, bonongwe, chisoso ndi usipa wodyera limodzi ndi minga yake zimateteza ubongo wa mwana m'njira ziwiri.

Mankhwala opopera

Apa ndi pamene panali mlandu umene ndinawaimba achemwali. Mankhwala ambiri a kudimba ndi kumunda, monga dimethoate ndi chlorpyrifos amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Dursban, ali m'gulu lotchedwa organophosphate. Amapha tizilombo potsekereza chinthu china m'thupi chimene ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa m'mitsempha ukatha kuperekedwa. Uthengawo ukapanda kuzima, kachilombo kamanjenjemera mpaka kufa. Mitsempha ya munthu imayendera njira yomweyo. N'chifukwa chake munthu amene wapuma kapena kumwa mankhwalawa amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, ndipo timwana ta m'maso mwake timachepa. Zimenezi ndi zangozi za tsiku limodzi. Funso lovuta ndi la timadontho tochepa timene mayi woyembekezera amakumana nato miyezi yonse isanu ndi inayi.

Ku Salinas Valley, dera la ulimi wa masamba ku California, akatswiri anayamba cha mu 1999 kutsatira amayi oyembekezera a m'mabanja ogwira ntchito m'minda. Mu 2011 anapeza kuti ana a zaka 7 amene amayi awo anali ndi mankhwalawa ochuluka kwambiri m'thupi anatsalira ndi mapointi 7 pa mayeso a nzeru a IQ poyerekeza ndi ana a amayi amene anali ndi ochepa kwambiri. Chaka chomwecho kafukufuku wa Columbia University ku New York anapeza kuti chlorpyrifos akachuluka m'magazi a mwana pobadwa, kukumbukira kwake pa zaka 7 kumatsika. Mayiko a European Union analetsa chlorpyrifos mu 2020.

Nanga autism? Mu 2014 akatswiri a University of California ku Davis anafalitsa kafukufuku wa mabanja pafupifupi 970. Amayi amene pa nthawi ya mimba ankakhala pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka kapena kucheperapo kuchokera kuminda yopoperedwa mankhwala a gululi anali ndi chiopsezo chokwera ndi 60 peresenti chobereka mwana wa autism. Chiwerengerochi chimaopsa, koma tiyeni tichiwerenge ngati aphunzitsi a masamu. Ngati pa ana 1,000 wamba 10 ali ndi autism, kukwera ndi 60 peresenti ndiye kuti 16. Ana 984 otsalawo alibe. Ndipo pa 16 aja, 10 akanakhala nayo ngakhale pakanapanda kupopera. Komanso kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Sangaloze mwana mmodzi n'kunena kuti uyu ndi chifukwa cha mankhwala. Palibe dokotala padziko lapansi amene angauze achemwali anga zimene ine ndinawauza usiku uja.

Izi sizikutanthauza kuti tigone tulo. Amayi a ku California aja ambiri ankangokhala pafupi ndi minda. Kwathu mayi ndi amene amasungunula mankhwala ndi manja, kubereka chopopera kumsana, kapena kuwaza ndi tsache ngati chopopera chilibe, mwana wina ali pomwepo m'mphepete mwa bedi la tomato. Kuyambira pamene mbozi za fall armyworm zinalowa m'dziko muno chakumapeto kwa 2016, mpaka boma linalengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 agwa m'tsoka, kupopera kunalowanso m'minda ya chimanga imene kale sinkaona mankhwala. Pamisika mumapeza mankhwala otapidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, ngakhale kuti lamulo la 2000 linakhazikitsa Pesticides Control Board, imene likulu lake lili ku Bvumbwe, kuti izilembetsa mankhwala ndi ogulitsa ake. Tameki wa makoswe amagulitsidwa moyandikana ndi mchere. Botolo likatha limatsukidwa n'kusungiramo mafuta ophikira kapena thobwa.

Ndiye pali chimanga. Chifukwa cha akuba, nkhokwe zinatha, ndipo matumba othira Actellic amagona chipinda chimodzi ndi ana. Actellic nayenso ali ndi mankhwala a gulu lomweli, ndipo ambiri timapyoza muyezo wolembedwa poopa anankafumbwe. Matumba a PICS, osalowa mpweya aja, amapha anankafumbwe popanda mankhwala aliwonse. Mtengo wake ndi wokwerapo, koma amagwira ntchito zaka zingapo ngati sanaboole.

Fodya, chuku ndi utsi

Ku Madisi, Mponela ndi madera ambiri a Ntchisi, ana amakulira m'chigafa. Tsamba laliwisi la fodya, makamaka la mame, limalowetsa nicotine kudzera pakhungu, ndipo wothyola amamva chizungulire, nseru ndi mutu. Lipoti la Plan International la 2009 linanena kuti mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya ku Malawi akhoza kuyamwa mamiligiramu 54 a nicotine pa tsiku, ofanana ndi kusuta ndudu 50. Nicotine imasokoneza ubongo umene ukukula. Ife amene timanyadira kuti sitisuta tiziganizirapo pamene mwana wa tenanti akusinza m'kalasi mwezi wa February.

Chuku nacho tisachiiwale, poti kwathu ndi kwa mtedza. Wabwino timagulitsa, wofota ndi wowola timasinja nsinjiro za phala la mwana. Ena amanyowetsa makoko kuti asavute kuswa, zomwe zimachulukitsa chuku. Poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi, ndipo kafukufuku wa ku Benin ndi Togo anamupeza wochuluka mwa ana opinimbira. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, si nkhani yaing'ono. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, mwana ali kumsana, nawonso ndi poizoni amene timangomuzolowera.

Yankho kwa alamu anga

Mphekesera ya katemera ili ndi mwini wake. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za ana 12 okha, n'kuganizira katemera wa chikuku. Pambuyo pake zinadziwika kuti sanachite zinthu moona. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 ndipo mu 2019 analengeza kuti obayidwa ndi osabayidwa sasiyana pa autism. Chimene chimasokoneza makolo ndi nthawi. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15, ndipo zizindikiro za autism zimayamba kuoneka bwino pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti matenda a rubella, mayi akadwala ali woyembekezera, ndi amodzi mwa zinthu zodziwika kuti zimakweza chiopsezo cha autism, ndipo katemera wake anaphatikizidwa ndi wa chikuku kuno mu 2017. Wokana katemerayo akutsegulira khomo chinthu chomwe akuchithawa.

Mankhwala a kuchipatala amene umboni wake uli wamphamvu ndi sodium valproate, wa matenda a khunyu. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2013 anapeza kuti ana a amayi amene ankamwa mankhwalawa ali oyembekezera anali ndi chiopsezo chowirikiza pafupifupi katatu. Koma chonde, mayi wa khunyu asasiye mankhwala payekha, chifukwa kukomoka kungaphe iye ndi mwana yemwe. Akambirane ndi adokotala asanaime, kuti ngati n'kotheka amusinthire ena.

Ndichenjezenso za ogulitsa mankhwala "ochotsa poizoni m'thupi" amene amati amachiza autism. Amakonda kufika pakati pa anthu okonda zachilengedwe ngati ife. Mu 2005 mwana wa zaka zisanu wa autism anamwalira ku Pennsylvania atapatsidwa mankhwala otsuka zitsulo m'magazi. Mankhwala otere ndi a mwana amene wayezedwa magazi n'kupezeka ndi mtovu wambiri, ndipo amaperekedwa m'chipatala mokha.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi sapima matenda, koma amaona mwana maola ambiri kuposa dokotala aliyense. Lembani zimene mukuona, ndi masiku ake, m'mawu osaweruza: "sanacheuke nditamuitana katatu," osati "ndi wamwano." Pemphani kuti ayambe wayezedwa makutu, chifukwa mwana wosamva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu akhoza kuoneka chimodzimodzi. Funsani ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, amene amasiya ana ena ndi vuto la kulankhula ndi khalidwe. Alangizi a zaumoyo a kusikelo ndiwo khomo loyamba lopitira kuchipatala cha boma. Dziko lathu lili ndi chida chakechake choyezera kakulidwe ka ana, Malawi Developmental Assessment Tool, chimene chinafalitsidwa mu 2010 ndipo chimagwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo mlangizi wa maphunziro wa m'zoni yanu angakuuzeni kumene kuli wapafupi.

M'kalasi, mwana wa autism amapindula ndi ndondomeko yosasinthasintha, malangizo aafupi operekedwa limodzilimodzi, zithunzi, ndi malo okhala otalikirana ndi belu kapena khomo. Chikwapu sichimuphunzitsa kalikonse. Ndipo komiti ya sukulu ikagula penti, kapena munda wa sukulu ukafuna kupopera, mphunzitsi ali ndi mawu: penti wa madzi m'zipinda za ana, kupopera ana ataweruka, wopopera asakhale mwana kapena mayi woyembekezera.

Sabata yatha ndinawaimbira achemwali kuwapepesa. Anaseka, n'kunena kuti agogo ndi alamu sanapepesebe. Ali ndi mimba ina ya miyezi inayi, choncho tinagwirizana kuti chaka chino kudimba azipopera alamu, atavala malaya a manja aatali ndi jombo, ndipo zovalazo azichapa okha padera. Chopopera ndi mabotolo zachoka kunsi kwa bedi, zili m'bokosi lokhoma kuseri kwa khola. Batire lakufa lija analipereka kwa ogula zitsulo lisanang'ambidwe. Matumba a PICS agula awiri okha, ndalama zinathera pomwepo. Kalata ya ku Lilongwe ija ikadali m'chikwama. Akudikira agulitse soya kuti apeze thiransipoti ya anthu awiri.